Dothi lamchere la m'nkhalango ya Pak Belang

Mbuzi za agogo anga ku Ntcheu zinali ndi malo amodzi amene sizinkawaphonya. Kuseri kwa khitchini, pomwe agogo ankakhuthulira madzi otsukira mphika wa usipa, khoma linachita kukumbika ngati mtondo chifukwa chonyambitidwa. Tikazitsegulira m'khola m'mawa, zinkayamba zapita pamenepo, zina mpaka kumagundana mitu kulimbirana kadothi konyowako. Tsiku lina ndinatola chibuma kuti ndizigende, poopa kuti zigwetsa khoma. Agogo anandigwira mkono. "Zileke mdzukulu wanga, zikufuna mchere. Udzu ulibe mchere. Iwe ndiwo zopanda mchere ungadye masiku angati?"

Mawu amenewa anadzandibwerera patapita zaka zambiri, ndili kutali kwambiri ndi Ntcheu, nditakhala m'kanyumba ka matabwa kosanjikidwa pamwamba pa mizati m'nkhalango ya Taman Negara ku Malaysia, komwe ndinapita kukachita maphunziro. Patsogolo panga panali bwalo la matope lomwe kukula kwake sikunkaposa dimba la munthu mmodzi. Chimene chinkaoneka pamenepo ndi matope, madzi akuda oima m'mapazi a nyama, ndi chitsa chimodzi chowola. Koma anthu amayenda maola ambiri kudzakhala pamalo ngati amenewa, ndipo nyama zimayenda maulendo aatali kuposa a anthuwo.

Taman Negara ndi paki yaikulu, masikweya kilomita 4,343, kuposa Nyika yathu ija. Inakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ikutchedwa King George V National Park, ndipo dzina linasintha dzikolo litalandira ufulu mu 1957. Ife tinalowera ku Kuala Tahan, titakwera bwato lalitali la injini kwa maola pafupifupi 3 kukwera mtsinje wa Tembeling. Kuchoka pamenepo unali ulendo wa pansi. Nkhalango ya kumeneko siili ngati ya miombo yomwe tinazolowera, yoti ukaima umaona patali. Mitengo imatalika mpaka khosi kuwawa ukamayang'ana nsonga, dzuwa silifika pansi, ndipo thukuta limayenderera ngakhale wangokhala. Misundu ya kumeneko sidikira kuti ulowe m'madzi. Imaima pa masamba ogwa, kumagwedera uku ndi uku ngati ikununkhiza, ndipo ukangoima pang'ono imakwera nsapato. Pofika madzulo masokosi anga anali ofiira.

Wotitsogolera anali bambo wachikulire wa m'mudzi wina wa m'mbali mwa Tembeling, woyankhula pang'ono. Tonse tinkawatchula kuti Pak Cik, momwe kuno tinganenere kuti malume kapena bambo aang'ono kwa munthu wamkulu amene si m'bale wako. Iwo ndi amene anandiphunzitsa mawu a kumeneko. Malo a dothi lamchere m'chigawo cha Pahang, komwe tinali, amati jenut, kumpoto m'chigawo cha Perak amati sira. Tinyumba toonerera nyamato amati bumbun, ndipo mu Taman Negara muli tingapo, monga Bumbun Tahan, Bumbun Tabing ndi Bumbun Kumbang. Komwe ife tinagona sinditchula.

Dzina la chilombo chimene nkhani yonseyi yatsamira nalo lifunika kulongosola, chifukwa Chichewa chathu chimatisokoneza. Ena amati kambuku, ena nyalugwe, ndipo mayina onsewa makolo athu ankatchulira chilombo cha mawanga chomwe chimagwira mbuzi m'makola ndi kukwera nacho mumtengo. Cha mizere ichi kuno ku Africa kulibe, ndi cha ku Asia. Ine ndiziti nyalugwe wa mizere. Amalaya amati harimau, koma akakhala m'nkhalango ambiri sakonda kulitchula dzinalo. Amati Pak Belang, kapena kuti bambo wa mizere. Ndinazimvetsa msanga, poti nafenso tili ndi zinthu zina zomwe sitizitchula dzina kukada.

Usiku umenewo tinazimitsa matochi cha m'ma 7 koloko. Nyenje zinkalira ngati makina ocheka matabwa, kenaka zinasiya n'kulowa achule. Pak Cik anatiuza kuti tizisinthana, aliyense ola limodzi pawindo, kuunika bwalolo kamodzi pakapita mphindi 15, ndipo akaona chinthu angogwedeza phazi la mnzake. Makoswe ankayenda pa denga kufunafuna chakudya chomwe tinapachika pa chingwe. Nthawi yanga inakwana cha m'ma 2 koloko. Ndinaunika kawiri osaona kanthu. Kachitatu, m'mphepete mwa matope munali chinthu choyera chachikulu ngati nsalu yoyanikidwa, chopanda mutu kapena miyendo. Chitasuntha m'pamene ndinaona kuti mutu, mapewa ndi miyendo ndi zakuda bii, zinangosowa mumdima. Inali tapir, nyama yonenepa yofika makilogalamu 300, ya mphuno yotalika pang'ono ngati kachitamba. Inalowa m'matopemo mpaka m'mawondo, n'kuviika mphunoyo, n'kuyamba kuyamwa madzi akudawo. Phokoso lake linkamveka bwinobwino, tswii, tswii, ngati mwana akumalizitsa thobwa m'botolo. Pakapita kanthawi inkadzutsa mutu, makutu a m'mphepete moyera aja n'kumazungulira, kenaka n'kuweramanso. Inakhala pamenepo mwina theka la ola. Ine ndinachita kuiwala kugwedeza phazi la mnzanga mpaka Pak Cik, omwe ndinkaganiza kuti ali m'tulo, anamudzutsa okha.

Chimene nyamayo inkafuna m'matopemo ndi chomwe mbuzi za agogo zinkafuna pakhoma. Thupi la nyama iliyonse limafuna sodiyamu, yemwe ndi mbali imodzi ya mchere wathu wa m'ndiwo, kuti mitsempha itumize mauthenga, minofu igwire ntchito, ndi madzi a m'thupi akhale pa mlingo wake. Zomera zambiri sizimufuna kwenikweni, kotero sizimusunga m'masamba. Chomwe zimadzaza nacho ndi potaziyamu, ndipo nyama ikadya masamba anthete ambiri thupi lake limatayanso sodiyamu wochepa yemwe linali naye. Kuonjezera apo, nkhalango za mvula zimatsukidwa chaka chonse. Mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka imasungunula mchere wa m'nthaka n'kupita nawo kumitsinje, ndipo malo akakhala kutali ndi nyanja ya mchere palibe mphepo yoti iubwezeretse. Choncho nyama yodya masamba ikhoza kukhala pakati pa chakudya chobiriwira mbali zonse, mimba n'kumadzaza tsiku lililonse, thupi likulirabe. Zazikazi za bere ndi zoyamwitsa ndiye zimavutika kwambiri, pamodzi ndi agwape amphongo nthawi imene akumera nyanga zatsopano.

Pena ndi pena, kasupe wotuluka pansi pa miyala amabweretsa mchere pamwamba, kapena mtsinje umagumula gombe n'kuonetsa dothi lomwe lili nawo. Malo oterowo ndi ochepa, ndipo nyama zimawadziwa mibadwo ndi mibadwo. Njovu za pa phiri la Elgon, m'malire a Kenya ndi Uganda, zimalowa mumdima wa phanga la Kitum kukakumba miyala ya mchere ndi minyanga. Ku Dzanga Bai, m'dziko la Central African Republic, njovu za m'nkhalango zimasonkhana zambirimbiri pa bwalo limodzi kumiza zitamba m'matope. Ku Malaysia kumabwera njovu, tapir, nguluwe, gwape wamkulu wotchedwa rusa kapena sambar, kagwape kouwa ngati galu kotchedwa kijang, ndi seladang, ng'ombe yam'tchire yakuda ya miyendo yoyera yomwe yaimuna imatha kufika tani imodzi.

Nyalugwe wa mizere safuna kunyambita dothi. Mchere wake amaupeza m'magazi ndi m'nyama ya zomwe wagwira. Komabe moyo wake wamangidwa pa matope omwewa, ndipo ichi ndi chimene ndinachimvetsa kutacha.

M'mawa Pak Cik anatitsitsa n'kutizungulitsa bwalolo chapatali, osaponda m'matope. Kuchokera pansi m'pamene ndinaona njira. Zinkatuluka m'nkhalango mbali zonse kulunjika pa jenut, zina zazikulu zosalala zopondedwa ndi njovu, zina zing'onozing'ono zolowa pansi pa zitsamba. Zinandikumbutsa tinjira ta kumudzi topita pa mjigo. Tinatsata imodzi mwina mphindi 20, kukwera kamtunda, mpaka Pak Cik anaima n'kugwada. Pa mchenga wonyowa wa kakhwawa panali phazi limodzi lokha. Chidendene chachikulu, zala zinayi zobulungira, popanda chizindikiro cha zikhadabo. Ndinaika dzanja langa pambali pake ndipo phazilo linali lotambalala kuposa chikhatho changa. Chapafupi, m'mbali mwa njira, masamba anapalasidwa kawiri kufika pa dothi, monga amachitira mphaka akamafotsera, koma apa popanda kufotsera kanthu. Ananditenga n'kundinunkhiza tsinde la mtengo wopendekera panjira, cha m'chiuno mwa munthu. Panali kafungo kamphamvu, kotsekemera pang'ono.

"Awa ndi makalata ake," anatero Pak Cik monong'ona. "Wina akadutsa apa awerenga kuti mwini malo ndi ndani, wamwamuna kapena wamkazi, ndipo wadutsa liti."

Ndinawafunsa kuti, "Pak Cik, nanga bwanji sadikirira pa matope pomwepo, poti nyama zonse zimabwera pamenepo?"

Anapukusa mutu. Pamatope nyama imakhala tcheru, ndiye chifukwa chake tapir ija inkadzutsadzutsa mutu. Pamakhalanso poyera, pobisala palibe. Malo abwino ndi panjira, pomwe gwape akubwerera atakhuta mchere, mtima uli m'malo.

Nyalugwe wa mizere amakhala yekha. Wamkazi amakhala ndi dera lake lomwe amalizungulira n'kumalemba makalata aja, ndipo kukula kwa deralo kumadalira kuchuluka kwa nyama zomwe zili m'menemo. Wamwamuna amatenga dera lalikulu lophimba madera a akazi angapo. Kuti nyalugwe mmodzi akhale ndi moyo amafunika kupha nyama zazikulu ngati gwape pafupifupi 50 pa chaka, imodzi pa sabata, ndipo wamkazi wa ana amafuna zoposa apo kwa zaka pafupifupi 2 zimene anawo amakhala naye. Kuti 50 zimenezo zizipezeka chaka ndi chaka osatha, m'deralo muyenera kukhala nyama mazana angapo zoberekana. Ku India, m'madambo a udzu wambiri monga ku Kaziranga, anyalugwe oposa 10 amatha kukwana m'masikweya kilomita 100. M'nkhalango za mvula chakudya chambiri chili kumwamba kwa mitengo, kwa anyani ndi mbalame, ndipo pansi nyama ndi zochepa. Akatswiri a zanyama Kae Kawanishi ndi Mel Sunquist atatchera makamera mu Taman Negara kwa zaka zingapo, anapeza mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2004 kuti pa masikweya kilomita 100 pamakhala nyalugwe mmodzi kapena awiri basi. Ndiye kuti malo aakulu ngati Majete, masikweya kilomita 700, angasunge anyalugwe pakati pa 7 ndi 14, zinthu zikakhala kuti zili bwino.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene ambiri timalakwitsa tikamakamba za nkhalango. Timawerenga mahekitala ndi mitengo, ndipo tikaona pa mapu pali pobiriwira timati zinthu zili m'malo mwake. Koma dera la nyalugwe lili ngati ukonde, ndipo mfundo zake ndi timalo ting'onoting'ono: jenut, kasupe, mpita wa pakati pa mapiri, doko lowolokera mtsinje. Mukhoza kusiya mitengo yonse ili chiimire, n'kuononga timfundo timeneto, ndipo nkhalangoyo idzakhala chigoba.

Alenje anazidziwa kalekale zimenezi. Munthu wofuna nyama safunika kuyenda nkhalango yonse, amangopeza jenut n'kutchera m'njira zake. Msampha wake ndi waya wa mabuleki a njinga yamoto kapena chingwe chachitsulo, chomangirira ku mtengo wopindidwa, ndipo ndalama zogulira wayayo sizifika n'komwe pa mtengo wa nkhuku. Magulu ena amachokera m'maiko a Vietnam, Cambodia ndi Thailand, kumanga misasa m'nkhalango miyezi ingapo, kufunafuna mtengo wonunkhira wa gaharu uku akutchera mawaya ochindikala oti agwire nyalugwe, chimbalangondo, chilichonse chogulitsika. Waya susankha. Mu Okutobala 2009, olondera a bungwe loteteza zachilengedwe la WWF-Malaysia anapeza nyalugwe wamwamuna atakodwa mwendo pafupi ndi msewu wa Gerik kupita ku Jeli, m'nkhalango ya Belum-Temengor ku Perak. A nthambi ya boma ya zanyama zakutchire anamumasula n'kupita naye kukalandira chithandizo, koma anafa. M'dera lomwelo, lomwe linkatengedwa ngati linga la anyalugwe, chiwerengero chawo chinatsika ndi theka m'zaka zosakwana 10.

Lamulo lilipo. Wildlife Conservation Act ya 2010 imaletsa kusaka nyama pa mtunda wa mamita 400 kuchokera pa dothi lamchere, ndipo imaletsanso kusokoneza malowo. Ndimayamikira kuti dziko linaganizako zoteteza matope, chifukwa maiko ambiri sanafikepo pamenepo. Koma mamita 400 ndi ulendo wa mphindi 5. Phazi lija tinalipeza titayenda mphindi 20. Gwape wobwera pa jenut amachokera makilomita ambiri, ndipo ngati kunja kwa mamita 400 amenewo kwadutsa msewu wa magalimoto onyamula zipika, kapena kwadzalidwa kanjedza wa mafuta, jenut imatsala ngati chitsime cha pamudzi posamuka anthu. Misewu ya odula mitengo ndi yomwenso imalowetsa alenje mkatikati momwe kale kunkafunika masiku oyenda pansi.

Ziwerengero zake n'zomvetsa chisoni. M'zaka za m'ma 1950 ankati ku Malaya, komwe lero ndi mbali ya kumadzulo ya Malaysia, kuli anyalugwe pafupifupi 3,000. Mu 2015 bungwe la padziko lonse loona za zachilengedwe la IUCN linaika mtundu umenewu pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Kalembera wa dziko lonse yemwe anachitika kuyambira 2016 mpaka 2020 anapeza kuti atsala osakwana 150. Iyi ndi nyama yomwe ili iwiri pa chizindikiro cha dziko, yomwe timu ya mpira ya dzikolo, Harimau Malaya, inatengera dzina. Ndipo anthu a kumeneko akudziwa mapeto a njira yotereyi. Ku Singapore nyalugwe wam'tchire womaliza anawomberedwa mu 1930. A ku Bali ndi a ku Java anatha. Chipembere chaching'ono cha ubweya cha ku Sumatra, chomwe nachonso chinkabwera pa jenut, chinatha m'nkhalango za Malaysia, ndipo chomaliza cha m'khola, chotchedwa Iman, chinafa ku Sabah mu Novembala 2019.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya rusa, chifukwa siitchuka. Gwape ameneyu amatha kupitirira makilogalamu 200, ndipo ndiye chakudya chenicheni cha nyalugwe. Kugwira rusa mmodzi ndi chakudya cha masiku angapo, pamene kijang ndi ka tsiku limodzi. Koma nyama yake anthu amaikonda, ndipo anaisaka mpaka m'nkhalango zambiri makamera amatha miyezi osajambula ngakhale mmodzi. Boma linaimitsa kusaka rusa, ndipo nthambi ya zanyama zakutchire, Perhilitan, imaweta agwapewa n'kumawatulutsira m'nkhalango, komanso imapanga malo a mchere ochita kuthira. Anyalugwe anatsala akudalira nguluwe. Kenaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 kunafika chigodola cha nkhumba, chomwechi timachidziwa kuno chikamapululutsa makola, n'kuyamba kupha nguluwe zam'tchire. Matenda a agalu otchedwa distemper, omwe si chiwewe, nawo analowa. Mu Julaye 2019 nyalugwe wina anatulukira m'mudzi wa Besul ku Terengganu akuyenda pamsewu masana ngati woweta, anthu n'kumamujambula pa mafoni. Anamutcha Awang Besul. Anafa patangopita masiku ochepa, ndipo anapeza kuti anali ndi matenda aja a agalu olowa mu ubongo.

Ife a ku Malawi phunziro ili tinaliphunzira ndi maso. Majete inatha nyama mitengo ilipo. African Parks italowa mu 2003 sinayambe ndi mikango. Inayamba ndi mpanda, olondera, ndi kubweretsa nyama zodya udzu, ndipo mikango inabwera mu 2012 chakudya chake chitachuluka. Ku Liwonde anachotsa misampha ya waya yoposa 40,000. Koma mikango yobwera ku Majete inali ndi kochokera, ku South Africa. Nyalugwe wa ku Malaya alibe kwina kokatenga anzake am'tchire.

Palinso mbali ina imene sindingaibise. Nyalugwe wanjala amatuluka. Ku Gua Musang, m'chigawo cha Kelantan, anthu otchedwa Orang Asli, eni nthaka akalekale a kumeneko, aphedwa ndi anyalugwe pafupi ndi midzi yawo kuyambira mu 2022. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi paki kuno kwathu, amene njovu zinamudyera chimanga usiku umodzi kapena ng'ona inamutengera m'bale padoko, akudziwa kuti kukonda nyama n'kosavuta ukakhala m'tauni. Anthu amenewa si amene anadula nkhalango, koma ndi amene amakumana ndi chilombocho popita kumunda. Ndipo ndi omwewonso amene akugwira ntchito yolemetsa yoteteza. Ku Royal Belum, paki ya mahekitala 117,500 yomwe inakhazikitsidwa mu 2007, mu 2019 kunakhazikitsidwa gulu lolondera lotchedwa Menraq, la anyamata a mtundu wa Jahai, womwe ndi umodzi wa Orang Asli. Amayenda masiku ambiri ndi katundu kumsana, kumasula mawaya, kupeza misasa ya alenje, kusintha mabatire a makamera. Njira za ku sira iliyonse anazidziwa ali ana, akuyenda ndi makolo awo. Kumene kulondera kotereku kwalimba, misampha yachepa kwambiri ndipo makamera ayambanso kujambula anyalugwe aakazi ali ndi ana. Ku Pahang nako, mu 2023, anapatula nkhalango yoyandikana ndi Taman Negara kukhala malo osungira anyalugwe.

Msewu wa Gerik uja ndiye sunasinthe. Umadula nkhalango ya Belum-Temengor pakati, ndipo njira zakale za nyama, zina zopita ku sira, zimaudutsa. Anyalugwe angapo agundidwa pamenepo m'zaka zapitazi. Mu Meyi 2025 ambiri tinaona pa intaneti kanema wa njovu yaikazi itatsamira mutu pa lole yomwe inagunda mwana wake pamsewu womwewo, ikukana kuchoka mpaka kunacha. Nditauona ndinakumbuka njira zosalala zija zotsikira ku matope, ndi mapazi ang'onoang'ono obulungira omwe tinawaona mkati mwa mapazi aakulu.

Tsiku lija pa kakhwawa, nditamaliza kuyang'ana phazi, ndinatulutsa foni. Pak Cik anandilola kujambula, koma anandipempha chinthu chimodzi. "Mwana wanga, chithunzicho ukaonetse abale ako kwanu. Koma usakalembe pa Facebook kuti ndi pati. Amene amawerenga si onse abwino." Ndinavomera. Anzanga aja atayamba kubwerera, iwo anatsalira pang'ono. Nditacheuka ndinawaona atathyola kanthambi ka masamba, akusesa mchengawo pang'onopang'ono mpaka phazi lija linafafanizika. Kenaka anatapa masamba ouma m'manja awiri n'kuwaza pamwamba, anatsuka manja m'kakhwawamo, n'kunyamula chikwama chawo.